Aphungu a ana a eni ku Chadiza

Lero tili ku Chadiza, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, kufupi ndi malire a Mozambique. Kuno ndi kwa Achewa, kwa mfumu Mlolo, mfumu Zingalume ndi mfumu Mwangala, onse olamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Tabwera kudzacheza za anthu amene amalangiza ana a eni popanda malipiro.

Ntchito imeneyi sinabwere pa galimoto la bungwe ayi. Kuchokera kale, mtsikana akatha msinkhu amayi ake samulanga okha, poti pali zina zimene mayi sangatchule pamaso pa mwana wobala yekha. Amaitana namkungwi kuti atsogolere chinamwali, ndipo amasankha phungu, munthu amene anavinidwa kale. Namkungwi ndiye mwini mwambo, koma amene amagona ndi namwali m'tsimba, kumumasulira nyimbo ndi miluzi, kumutonthoza akalira, ndi phungu. Ng'oma zikaleka, anthu n'kubalalika, phungu amatsala. Namwali akachita mwano kwa akulu, mlandu umayamba wafika kwa iye. Likadza tsiku la ukwati, aliponso. Mnyamata wolowa kudambwe nayenso amakhala ndi phungu wake. Cholandira chake n'chiyani? Kankhuku, kaufa, mwina kandalama kothokozera, basi.

Komatu tisabise mawu. M'tsimba momwemo mwana wa zaka 12 kapena 13 ankaphunzitsidwa za kuchipinda, ndipo potuluka ankadziona kuti wakula. Yunifomu inkayamba kumuchititsa manyazi. Ena ankalowa m'tsimba sukulu ili mkati, osabwererakonso. N'chifukwa chake Kalonga Gawa Undi analamula kuti chinamwali chizichitika sukulu zikatsekera, kuti malangizo a m'banja azidikira amene akukwatiwadi, ndiponso kuti maukwati a ana athe pakati pa Achewa.

Boma nalo lalemba zake. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pakati amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Mu 2022 malipiro a sukulu za boma anachotsedwa mpaka ku sekondale. Kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa, kotero kuti ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi wosavomerezeka, ngakhale utakhala wa pamudzi.

Malamulowo ndi abwino, koma amalembedwa ku Lusaka. Pepala silingaodire pakhomo pa bambo amene walandira kale chimalo cha mwana wake. Woodira ndi munthu: mayi wa mumpingo, nduna ya mfumu, mtsikana wamkuluko amene amakumana ndi anzake pachipatala kukambirana za HIV ndi mimba zaubwana, ngakhalenso namkungwi yemwe uja, amene lero akuuza namwali kuti tchuthi chikatha abwerere m'kalasi. Mabungwe ngati Plan International agwira ntchito zaka zambiri ku Chadiza, kuphunzitsa anthu ongodzipereka otere. Koma bungwe limabwera ndi pulojekiti, pulojekiti imatha. Amene amatsala ndi mayi wa pamudzi pomwepo, woyenda wapansi, wosiya munda wake wa soya ndi mtedza kukakhala pamkeka wa eni, kumapirira mawu oti asalowerere za m'nyumba ya ena. Ife tikuona kuti mlangizi wonyoza anamkungwi safika patali, chifukwa makolo amamvera amene anawavina iwowo.

Tsono pali mwana wina amene timamuiwala. Mukamayenda m'madambo a mtsinje wa Nsadzu m'mawa, ana ena ali m'kalasi, mukumana ndi kamnyamata kali ndi mkwapulo kumbuyo kwa ng'ombe. Nthawi zambiri ng'ombezo si za kwawo. Makolo anapangana ndi mwini khola kuti mwana abuse zaka zitatu kapena zinayi, pamapeto apatsidwe ng'ombe imodzi. Kwa banja losauka ng'ombe ndi ngolo, ndi pulawo, ndi chuma chooneka ndi maso, ndiye simungangowatcha makolowo ankhanza. Koma mnyamatayo akamalandira ng'ombe yake amakhala atapitirira msinkhu woyamba giredi 1, dzina lake sadziwa kulemba, ndipo posachedwa ayamba kufuna mkazi. Kodi akafunsira ndani? Mtsikana yemwe uja amene alangizi akuvutika kumusunga pasukulu.

Atsikana ali ndi anamkungwi, amayi a mumpingo ndi magulu awo. Abusa a ng'ombe aphungu awo ndi ochepa kwambiri. Inu abambo a kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, inu aphunzitsi opuma ntchito ndi anyamata amene munamaliza giredi 12, sankhani mnyamata mmodzi wa kubusa. Kacheze ndi makolo ake ndi mwini ng'ombe, mupangane za amene angamulandire mkwapulo m'mawa, ndipo temu ikatsegulidwa mumuperekeze nokha kwa ahedi.