Zimene amayi a ku Mchinji anaphunzitsa Geneva

Madokotala a ana, ngati a bungwe la Paediatric and Child Health Association kuno ku Malawi, sayesedwa ndi ana amene awachiritsa okha. Amawerengeredwanso zimene alemba, komanso kangati akatswiri ena atchula zolembazo pa kafukufuku wawo. Pepala lotchulidwa pafupipafupi limakopa ndalama. Losatchulidwa limangodyedwa ndi chiswe.

Ine kuwerengaku sindikukhulupirira kwenikweni, koma pa nkhani ya kafukufuku wa MaiMwana ndilibe chotsutsa. Ntchitoyi anagwirira limodzi a chipatala cha boma cha Mchinji, a chipatala cha Kamuzu Central ndi a University College London. Boma lathu la Mchinji analigawa m'zigawo 48. Kwina amayi ankakumana m'magulu, kukambirana chimene chikupha makanda m'mudzi mwawo, n'kupeza okha njira. Kwina amayi odzipereka ankayendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa, khomo ndi khomo. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013. Mu 2014, bungwe la WHO ku Geneva, litaphatikiza ndi zimene anapeza ku Nepal, India ndi Bangladesh, linalangiza mayiko kuti akhazikitse magulu otere kumidzi.

Katemera wa rotavirus, amene anayamba mu 2012, anamuunikiranso konkuno. Lipoti la mu 2018 linaonetsa kuti kwa makanda obayitsidwa, imfa za kutsekula m'mimba zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chondiwawa n'chakuti zonsezi zili m'Chingerezi chokhachokha, pamene amayi amene ankayankha mafunsowo amalankhula Chichewa.