Mbiri ya sitima ya Chauncy Maples ndi vuto lokonzanso zombo zakale

LUSAKA – Munthu akamayenda mumsewu wa Mungwi ku Heavy Industrial Area, amaona malole akale ndi makina adzimbiri ali m'mipanda ya makampani. Amisiri owocherera zitsulo amene amalawirira kumeneko kucokera ku Matero, George ndi Kanyama amalidziwa bwino funso limene eni makinawa amafunsa: kodi tikonze, kapena tigulitse kwa ogula zitsulo zakutha?

Funso lomweli lakhala likuzunguza mitu m'dziko loyandikana nalo la Malawi. Kumeneko nkhani yake ndi ya sitima ya pamadzi ya Chauncy Maples, imene inagwirapo nchito ya chalichi, sukulu, nkhondo ndi usodzi pa nyanja ya Malawi, ndipo imachulidwa kuti ndiyo yakale kwambiri mwa sitima zimene zatsala mu Africa.

Mmene inafikira kunyanja

Sitimayi inapatsidwa dzina la Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican, amene anamira pa nyanjayi mu September 1895. Iye anali pa ulendo wopita ku cilumba ca Likoma atangodzozedwa ubishopu, pamene mphepo yamkuntho inagubuduza bwato lake. Manda ake ali ku Nkhotakota.

Pofuna kumukumbukira, bungwe la amishoni la Universities' Mission to Central Africa linaitanitsa sitima yatsopano ku kampani ya Alley & McLellan mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Inamangidwa mu 1899, yotalika mamita 38, kenaka inaphwasulidwa m'zidutswa 3,481 kuti inyamulike.

Zidutswazo zinafika pa doko la Chinde ku Mozambique, ndi kukwera ndi mtsinje wa Zambezi mpaka mu Shire. Pa mathithi a Shire, pamene bwato silingadutse, katunduyo ananyamulidwa pamutu mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Boila, ndiye kuti thanki yowiritsira madzi opereka nthunzi ku injini, sikanatheka kuigawa. Inali yolemera matani 11, ndipo amuna 450 Acingoni ndiwo anaikoka pa ngolo, kuyenda makilomita asanu cabe pa tsiku.

Vuto lina linaoneka pomanganso. Manambala osonyeza malo a cidutswa ciriconse anali atakwiririka pamene zitsulozo zinakutidwa ndi zinki yoteteza dzimbiri. Amisiri anacita kuyerekeza cidutswa ndi cinzace kwa zaka ziwiri, ndipo sitimayo inalowa m'madzi pa 6 June 1901.

Nchito zimene inagwira

Kwa zaka pafupifupi 50 sitimayi inkazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja, mbali ya Malawi, Mozambique ndi Tanzania wa lero. Munali malo opemphereramo, kalasi yophunzitsiramo aphunzitsi ndiponso posamalira odwala. Injini yake inkayendera nkhuni, conco pa madoko ambiri anthu ankaunjika nkhuni kudikira kuti ifike.

M'busa William Percival Johnson, amene anatsogolera nchito yomasulira Baibulo m'Cinyanja ca ku Likoma, anathera zaka zambiri za utumiki wake akuyenda pa sitimayi. Motero mbiri yake ikukhudzanso mbiri ya cilankhulo cathu.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, boma la Britain linaitenga kuti izinyamula asilikali ndi katundu wawo. M'zaka za m'ma 1950 amishoni anaigulitsa, ndipo inasandulika sitima ya usodzi, yokoka makoka pa nyanja. Mu 1967 boma la Malawi linaigula, kuikonzanso kuti izinyamula anthu ndi katundu, ndi kuika injini ya dizilo m'malo mwa ya nthunzi. Itakalamba inaimikidwa pa doko la Monkey Bay, kumene kwa nthawi ina inkagwiritsidwa nchito ngati malo omwera zakumwa.

Maganizo oisandutsa cipatala

Ca m'ma 2009 kunabadwa maganizo oikonzanso kuti ikhale cipatala coyenda pamadzi. Bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust linayamba kusonkhanitsa ndalama ku Britain mogwirizana ndi boma la Malawi, ndipo kampani ya inshuwalansi ya Thomas Miller ya ku London inali patsogolo pothandiza.

Cifukwa cake cinali comveka. Pali midzi ya m'mbali mwa nyanja imene ili pansi pa mapiri, kosafika msewu, makamaka nthawi ya dzinja. Mayi woyembekezera kapena mwana wodwala malungo amayenera kuyenda maola ambiri pa bwato kuti apeze thandizo. Sitimayi ikanati izifika m'midzi yotere ndi anamwino, katemera ndi mankhwala.

Nchito inayambika ku Monkey Bay, koma sinafike kumapeto, ndipo cipatala coyenda pamadzico sicinayambe kuona odwala.

N'cifukwa ciani kukonzanso kumavuta?

Bwato lamatabwa, longa amene asodzi amagwiritsa nchito pa Kariba, Mweru kapena Tanganyika, limakonzedwa pagombe pomwepo. Thabwa likawola mmisiri amalicotsa ndi kukhoma lina, kenaka amatseka mipata ndi thonje ndi phula. Mwanjira imeneyi bwato limatha kukhala zaka zambiri, ngakhale matabwa ake oyamba atatha onse.

Sitima yacitsulo ndi nkhani ina. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mcere, ndipo ici cinathandiza kuti dzimbiri lisadye msanga thupi la Chauncy Maples. Komabe pamafunika kuitulutsa m'madzi, kupima kukhuthala kwa citsulo ciriconse ndi kusintha cimene capyapyala. Sitima za nthawi imeneyo zinkalumikizidwa ndi misomali yacitsulo yokhomedwa ili yamoto, luso limene amisiri ambiri a lero, ozolowera kuwocherera, sanaliphunzire.

Thupi likatha, pamatsala injini, mawaya a magetsi, mapaipi ndi zida zopulumutsira anthu zogwirizana ndi malamulo a masiku ano. Zowonongeka zina zimaoneka pokhapokha nchito itayamba, ndipo mtengo umakwera. Pamwamba pa zonsezi pali mafuta, malipiro a anchito ndi mankhwala, zimene zimafuna ndalama caka ndi caka. Opereka mphatso amathandiza kamodzi, koma sitima imadya tsiku lililonse.

Zitsanzo za kwathu kuno

Pa nyanja ya Tanganyika pali zitsanzo ziwiri. Sitima ya Liemba inamangidwa ku Germany mu 1913, ndipo Ajeremani anaimiza dala mu 1916 atapaka mafuta pa injini zake. Inavuulidwa mu 1924 ndi kuyambanso kuyenda mu 1927. Kwa zaka zambiri inalumikiza Kigoma ndi doko lathu la Mpulungu, cifukwa inali ndi anthu ndi katundu wolipira ulendo, ndiponso boma loisamalira.

Sitima ya amishoni ya Good News, imene inalowa m'madzi mu 1885, inalibe mwayi wotero. Itasiya nchito inasiyidwa pagombe la Kituta, kufupi ndi Mpulungu, kumene thupi lake linatsala ngati cikumbutso ca mbiri.

Chauncy Maples inakhalitsa cifukwa m'badwo uliwonse unaipezera nchito ndi munthu woilipirira: amishoni, asilikali, asodzi, kenaka boma. Pa ulendo womaliza nchito inalipo, koma ndalama zoimalizira ndi kuiyendetsa sizinakwane. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, amene analonjezedwa cipatala, akudalirabe mabwato awo pofuna kufika kwa dokotala.