Mkonono Umene Suli Tulo



Pali mawu amene ambiri a ife tinawamvapo pasiwa, pamene mwini maliro akufotokoza m'mene zovuta zinagwera. Amati: "Anabwera usiku ataledzera monga mwa masiku onse, tinamgoneka pamphasa, ndipo tinamumva akuliza mkonono mpaka tambala woyamba. Kutacha tinapita kukamdzutsa, koma tinapeza atazizira kale." Anthu amapukusa mitu, ena amayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma kawirikawiri mkonono uja sunali tulo ayi. Unali phokoso la munthu amene mpweya unali kumuthera, ndipo anthu amene akadampulumutsa anali m'chipinda china, khoma limodzi lokha pakati pawo.

Chaka chiri chonse pa 31 Ogasiti maiko ambiri amakumbukira anthu amene anafa chifukwa chomwa mowa kapena mankhwala mopitirira muyeso. Mwambo umenewu unayambira mu mzinda wa Melbourne ku Australia mu 2001, ndipo anauyambitsa ndi mayi Sally Finn amene ankagwira ntchito ndi a Salvation Army. Iwo anaona kuti makolo ambiri amalira ana awo mobisa, pochita manyazi kutchula chimene chinawapha. Tsono lero tichitchula, ndipo tiona m'mene chimaphera.

Tiyambe ndi m'thupi. Munthu sakumbukira kupuma. Ngakhale ali m'tulo tofa nato, pali kachigawo ka ubongo, cha kunkhongo kuno, kamene kamalamula chifuwa kuti chikoke mpweya ndi kuutulutsa, ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi kwa munthu wamkulu. Pali gulu la mankhwala limene limagonetsa mlonda ameneyu. Ena a mankhwalawa amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa popi, ena amapangidwa motsanzira utomoniwo. M'gulu limeneli muli heroin, komanso muli mankhwala abwino ndithu a kuchipatala oletsa ululu monga morphine, pethidine, tramadol ndi codeine amene amapezeka m'mankhwala ena a chifuwa. Akachuluka m'magazi, kupuma kumayamba kuchedwa, lilime limagwera kukhosi, ndipo mpweya wochepa umene ukudutsa umachita phokoso lija timaliyesa mkonono. Mowa nawo umagonetsa mlonda yemweyo, ndiponso mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Choncho munthu amene wamwa botolo la mankhwala a chifuwa natsirapo kachasu wamuunjikira mlondayo adani awiri nthawi imodzi. Mowa wokha uli ndi njira yake ina yophera: munthu wogona chagada akasanza, masanzi amabwerera m'mapapo, iye osatha ngakhale kutsokomola.

Ku America vuto limeneli linakula kotero kuti mu 2022 mokha anthu oposa 100,000 anafa nalo, ambiri mwa iwo chifukwa cha fentanyl, mankhwala amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50. Wina anganene kuti zimenezo nza kutali. Koma heroin wochokera ku Afghanistan wakhala akudutsa m'zombo pa nyanja ya mchere ya India, natsitsidwa m'madoko a Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ulendo wa ku South Africa. Kumeneko amamsakaniza ndi chamba ndi kumsuta, ndipo amamutcha nyaope kapena whoonga. Anyamata athu amene amapita ku Joni kukafuna maganyu amakakhala m'makomboni momwemo mmene nyaope amagulitsidwa. Ku Zimbabwe achinyamata ambiri anagwa m'mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Kwathu kuno boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali womwewo unangosamukira m'timabotolo.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndikufuna kuti mutsale nacho, pakuti nchimene makolo ambiri sachidziwa. Tsiku loopsa kwambiri kwa munthu wogwiritsa ntchito mankhwalawa siliri pamene akusuta tsiku ndi tsiku. Limadza pamene wasiya kwa kanthawi.

Mlimi amene wagwira khasu dzinja lonse manja ake amalimba, ndipo akhoza kulima kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa paliwombo osamva kanthu. Koma akakakhala m'tauni miyezi itatu nabwerera kumunda womwewo ndi khasu lomwelo, tsiku loyamba lomwe manja amatuluka matuza. Thupi limachita chimodzimodzi ndi mankhwala. Poyamba pang'ono pokha pamakwanira, kenaka thupi limazolowera ndipo munthu amawonjezera, nawonjezeranso, mpaka amafika pa muyeso umene ukadapha munthu wosazolowera. Akatsekeredwa m'ndende, kapena akagonekedwa m'chipatala, kapena akangosiya yekha mwa kufuna kwake, kuzolowera kuja kumatha m'masiku ochepa. Thupi limaiwala, koma mutu umakumbukirabe muyeso wakale. Tsiku limene adzagonje ndi chibaba adzatenga muyeso womwe uja, ndipo kwa thupi latsopanoli umenewo ndi imfa.

Madokotala a ku America anatsata anthu otuluka m'ndende za m'chigawo cha Washington, ndipo mu 2007 anafalitsa zimene anapeza: m'masabata awiri oyamba atatuluka, mpata woti afe ndi mankhwala opitirira muyeso unali woposa wa anthu ena ka 129. Taganizirani tsono za mnyamata amene wakhala mwezi kapena iwiri ku Lindela, kumene South Africa imasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Wafika pakhomo atanenepako, maso ali gwa, mayi ake aphera nkhuku nathokoza Mulungu kuti mwana wachira. Nkoyenera kukondwera. Koma masiku amenewa ndiwo ofunika kuti pakhale munthu womuyang'anira ndi kumuuza mosabisa kuti muyeso wake wakale sangauthenso.

Nanga mungadziwe bwanji kuti uyu wagona, uyu ali pangozi? Munthu wogona amadzuka. Muitaneni dzina lake mokweza, mgwedezeni mapewa, ndipo ngati sakuyankha mtikiteni mwamphamvu fupa la pakati pa chifuwa ndi mfundo za zala zanu. Zimapweteka, ndipo ngakhale woledzera amadzuma kapena kukankha dzanja lanu. Ngati ali chete, yang'anani chifuwa muwerenge. Kupuma kosafika ka 10 pa mphindi imodzi, kapena kodukizadukiza, ndi chizindikiro choipa. Milomo ndi zikhadabo zimatuwa, khungu limazizira ndi kuchita chinyezi. Mukamtsegula chikope, ngati chamgwetsa ndi mankhwala a gulu la heroin, kamwana ka m'diso kamakhala katachepa ngati nsonga ya singano.

Mukaona zimenezi musadikire kuti kuche. Tumani wina akafune galimoto kapena chiri chonse chomufikitsa kuchipatala, inu mutsale naye. Ngati akupuma, mgonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa kuti asagubuduke, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, kamwa litaloza pansi kuti masanzi atuluke. Ngati wasiya kupuma kapena akupuma mwa apo ndi apo, mgonekeni chagada, mtukuleni chibwano, mtsineni mphuno, ndipo mumpumire m'kamwa kamodzi pa masekondi 5 ali onse, mukuona kuti chifuwa chikutukuka. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuonongeka m'mphindi zochepa chabe, motero mpweya wanuwo ndiwo ungamsunge. Za mkaka, madzi a mchere ndi mazira aawisi zisiyeni. Munthu wokomoka sameza, ndipo chiri chonse chimene mungamthire m'kamwa chidzapita m'mapapo. Kumthira madzi ozizira kapena kumuyendetsa pabwalo kumangotaya nthawi. Mukafika kuchipatala nenani zoona za chimene wamwa. Ndikudziwa kuti mabanja amaopa apolisi ndi manyazi, koma dokotala amene mwamunamiza kuti ndi malungo adzataya nthawi kufunafuna malungo.

Kunena zoona kumathandiza chifukwa pali mankhwala otchedwa naloxone amene amachotsa heroin ndi anzake pamalo pamene agwira mu ubongo, ndipo munthu amene anali kufa amayambanso kupuma m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Amabayidwa ndi jekeseni, kapena kufayira m'mphuno. Mu 2014 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mankhwalawa aziperekedwa kwa anthu wamba amene angakhale pafupi ngozi ikachitika, monga achibale ndi abwenzi, ndipo mu 2023 America inalola kuti azigulidwa popanda kalata ya dokotala. Koma dziwani zinthu ziwiri. Naloxone sathetsa mphamvu ya mowa. Ndiponso mphamvu yake imatha pakati pa theka la ola ndi ola limodzi ndi theka, pamene mankhwala amene anamgwetsa munthuyo angakhale akadali m'magazi. Wodwala amene wadzuka nati ali bwino akhoza kukomokanso, choncho ulendo wa kuchipatala suimitsidwa.

Ndionjezepo mawu amodzi okhudza zidakwa. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, ndi kuona zinthu zimene palibe, makamaka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo ena amafa nazo. Achibale amene amamtsekera m'nyumba kuti mowa umchoke amachita ndi mtima wabwino, koma angamuphe. Wotere asiye mowa pamaso pa achipatala. Chipatala cha boma chiri chonse chikhoza kukuuzani koyambira, ndipo chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere.

Chipatala chimachotsa mankhwala m'magazi m'sabata imodzi kapena awiri. Chibaba chimatsala kwa miyezi ndi zaka, ndipo chimenechi munthu sachitha yekha. Mu 1935 bambo wina wa ku New York, Bill Wilson, amene anali atasiya mowa miyezi ingapo, anapita ku Akron pa malonda amene sanayende bwino. Ali yekha m'hotela anamva kuti agwa, ndipo m'malo molowa m'bala anafunafuna chidakwa mnzake woti alankhule naye. Anampeza dokotala wa opaleshoni, Bob Smith. Kukumana kwa awiriwa ndiko kunabala gulu la Alcoholics Anonymous, ndipo mu 1953 ku California kunabadwa la Narcotics Anonymous, la ogwiritsa ntchito mankhwala ena. Chimene chimandichititsa chidwi nchakuti Wilson sanapite kwa Smith ngati mphunzitsi. Anapita ngati munthu wofuna thandizo, ndipo pothandiza mnzakeyo iye mwini anaima.

Pafupi ndi ife, pa chilumba cha Zanzibar pamene heroin uja wa m'zombo anawononga achinyamata ambiri, nyumba yoyamba yokhalamo anthu osiya mankhwala inatsegulidwa mu 2009, ndipo zina zinatsatira. Oziyendetsa ndi anthu amene iwo eni anachoka m'moto womwewo. Wobwera kumene amakhala miyezi ingapo pakati pa anzake, amaphika nawo, amasesa, ndipo tsiku liri lonse amakhala pansi kufotokozerana m'mene chibaba chawavutira. Sangawanamize, pakuti mabodza onse amene angaganize iwo anawanena kale kwa amayi awo. Mu 2011 chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kupereka methadone, mankhwala akumwa kamodzi pa tsiku amene amaziziritsa chibaba cha heroin kotero kuti munthu akhoza kugwira ntchito ndi kusamala banja. Ena amanyoza kuti kumeneko nkusinthanitsa mankhwala ndi mankhwala. Ine sindigwirizana nawo, popeza pakati pa omwa methadone imfa zimachepa ndi theka kapena kuposerapo, ndipo wakufa sangasiye kanthu.

Ife tiribe nyumba zotere m'mudzi uli wonse, koma tiri ndi malume, ankhoswe, akulu a mpingo ndi a kumzikiti, ndiponso m'mudzi uli wonse muli bambo wina amene kale ankagona m'ngalande ndipo lero ali ndi zaka khumi osalawa. Ameneyo ndiye woyenera kumtumira mnyamata wanu. Koma chenjerani ndi mawu amene timakonda kunena pomlandira wobwerera, akuti, "Ukadzayambiranso, pakhomo pano usadzapondepo." Ambiri osiya amaterereka kamodzi kapena kangapo asanaime ndithu. Mwana amene mwamuopseza chotere akaterereka sadzakuuzani. Adzadzitsekera m'gowelo yekha, kapena adzapita kuchigumula cha kuseri kwa msika, ndi muyeso wake wakale ndi thupi losazolowera, popanda womumva akamaliza mkonono. Nkwabwino kumuuza kuti, "Mwanawe, tsiku limene zakukanika udzandiuze ine kapena malume ako, ndipo usiku umenewo chitseko usakhome."

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za m'mene tingasungire mankhwala a kuchipatala m'nyumba mmene muli ana. Tsalani bwino.