Wakuba akagwidwa pamsika: zimene Baibulo limanena pa nkhani ya kupha

Pamsika pakangomveka mfuu yoti "wakuba!", mabenchi amatsala okha. Wina amatola mwala, wina thabwa, nthawi zina wina amatulukira ndi tayala ndi petulo. Mkwiyo wake ndi womveka. Wogulitsa kaunjika akaberedwa belo, kapena mayi wa tomato akasololedwa ndalama, ndiye kuti mpamba wapita, mwinanso unali wa ngongole ya banki m'khonde. Komabe ambiri mwa othamangitsa mbavayo ndi Akhristu, choncho nkofunika kudziwa mmene Baibulo limaweruzira imfa yotere.

Lamulo loletsa kupha lili pa Eksodo 20:13. Akatolika amaliwerenga lachisanu, mipingo ina yambiri lachisanu ndi chimodzi. Mawu a Chiheberi amene ali pamenepo amanena za kupha munthu, ndipo sagwiritsidwa ntchito pokamba za kupha mbuzi kapena nkhuku. Choncho wabutchala ndi wootcha kanyenya lamuloli silikuwatsutsa. Pa kupha munthu, malamulo a Mose amasiyanitsa milandu ingapo.

Woyamba ndi wakupha mwadala. Eksodo 21:12-14 amanena kuti wobisalira mnzake n'kumupha analibe pothawira, ngakhale pa guwa la nsembe. Wachiwiri ndi wakupha mwangozi. Deuteronomo 19:5 amapereka chitsanzo cha anthu awiri odula mitengo, nkhwangwa n'kuguluka pampini n'kupha mmodzi. Wotereyu ankathawira ku umodzi mwa mizinda 6 yopatulidwa, itatu tsidya lino la Yordano ndi itatu tsidya linalo, kuti achibale a malemu asamuphe mlandu usanazengedwe. Akapezeka kuti sanachitire dala, ankakhalabe mumzindawo mpaka mkulu wa ansembe atamwalira.

Mlandu wachitatu ndi wa kusasamala, ndipo umakhudza kwambiri ochita malonda. Pa Eksodo 21:28-30, ng'ombe ikagunda munthu n'kumupha koyamba, mwini wake analibe mlandu. Koma ngati anali atachenjezedwa kale kuti ng'ombeyo imagunda, iye osaimanga, imfayo inkakhala pamutu pake. Mfundo yake ndi yoti wodziwa ngozi n'kuilekerera sanganene kuti inali tsoka chabe. Wogulitsa mankhwala otha masiku akudziwa, wosunga zigubu za petulo pafupi ndi mbaula, kapena wopakira katundu ndi anthu mopyola muyezo pa galimoto yopanda mabuleki, akufanana ndi mwini ng'ombe uja.

Nanga wakuba? Eksodo 22:1-4 amakamba za iye mwachindunji. Mbava ikamathyola nyumba usiku, mwini nyumba n'kuimenya mpaka kufa, panalibe mlandu wa magazi. Ofotokoza Baibulo ambiri amati chifukwa chake n'choti mumdima munthu sangadziwe ngati wolowayo wabwera kudzaba kapena kudzapha, ndipo thandizo limakhala kutali. Koma zikachitika dzuwa litatuluka, wopha mbavayo ankakhala ndi mlandu. Chilango cha kuba katundu chinali kubweza: ng'ombe 5 pa ng'ombe imodzi, nkhosa 4 pa nkhosa imodzi, kapena kuwirikiza kawiri ngati chiweto chapezeka chamoyo. Lamulo lotere linkabwezera woberedwa mpamba wake ndi phindu pamwamba, pomwe mtembo wa mbava subweza ngakhale tambala.

Palinso nkhani ya mboni. Numeri 35:30 ndi Deuteronomo 17:6 amaletsa kupha munthu chifukwa cha umboni wa munthu mmodzi. Pamsika, chigulu chimayamba kumenya chitangomva mawu a munthu mmodzi, ndipo ambiri oponya miyala amakhala sanaone kalikonse. Wokuwayo akhoza kulakwitsa nkhope, kapena kukhala ndi chidani chake pa nkhani ya ngongole kapena malo ogulitsira.

Chipangano Chatsopano chimapitirira pamenepa. Pa Mateyu 5:21-22 Yesu akuloza mkwiyo ndi kunyoza ngati muzu wa kupha. Pa Aroma 12:19 Paulo akuletsa kubwezera, ndipo pa mutu 13 akusiya udindo wolanga olakwa m'manja mwa boma. Akhristu amasiyana maganizo pa za nkhondo ndi chilango chonyonga. Ena amatsatira chiphunzitso chochokera kwa Augustine choti nkhondo ina ikhoza kukhala yovomerezeka, pomwe mipingo ngati ya Mennonite imakana nkhondo iliyonse. Mu 2018 Papa Francis anasintha katekisimu wa Katolika kuti anene kuti chilango chonyonga n'chosaloledwa. Koma pa mbali zonsezi palibe chiphunzitso chimene chimapatsa chigulu mphamvu yopha munthu wogwidwa kale, wopanda chida, masanasana.

Malamulo a dziko la Malawi nawonso amasiyanitsa kupha mwadala ndi kupha mosafuna, ndipo aliyense wotenga nawo mbali pomenya woganiziridwa mpaka kufa akhoza kuzengedwa mlandu wakupha. Wamalonda akatsekeredwa, benchi imatsekedwa, ngongole imakula, ana amasowa fizi.

Njira yotetezera mpamba ndi moyo pamodzi ilipo. Wogwidwa asungidwe mu ofesi ya msika kapena mu okala yotsekeka, kutali ndi chigulu. Mmodzi wa akomiti aimbire apolisi nthawi yomweyo, ndipo nambala yawo ilembedwe pamalo oonekera. Katundu wopezeka awerengedwe pamaso pa anthu awiri kapena atatu, ndipo amene anaonadi zochitikazo apereke mayina awo kuti akachitire umboni. Komiti ya msika igwirizane za ndondomekoyi pa msonkhano pasadakhale, ndipo isankhiretu akuluakulu amene adzaime pakati pa wogwidwayo ndi anthu okwiya.