Phunziro la Mphesa za ku Sicily kwa Eni Masuku a ku Chiradzulu

Anthu ambiri a m'boma la Chiradzulu vinyo amamudziwira ku tchalitchi, monga pa Mishoni ya Nguludi, ndipo ndi owerengeka okha amene anamvapo za minda imene mphesa zake zimalimidwa. Komabe mbiri ya alimi a mphesa a pa chisumbu cha Sicily, m'nyanja ya Mediterranean kumwera kwa Italy, ili ndi phunziro loyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma alilingalire bwino.

Mphesa Zonyozeka

Sicily ili ndi mphesa zakezake zimene makolo a kumeneko anazilima kuyambira kale lomwe. Yotchuka koposa ndiyo Nero d'Avola, mphesa yakuda imene inatenga dzina ku mzinda wa Avola. Ina ndi Nerello Mascalese, imene imakonda dothi lakuda la m'mbali mwa Etna, phiri lotulutsa moto lotalika mamita oposa 3,300. Yachitatu ndi Frappato, ya ku dera la Vittoria.

Kwa zaka zambiri eni ake sanaziyese kanthu mphesazi. Vinyo wake wofiira ankathiridwa m'migolo ndi kutumizidwa kumpoto kwa Italy ndi ku France pa mtengo wolira, kumene amalonda ankamusakaniza ndi vinyo wawo wosakolera, namugulitsa ndi dzina lawo. Thukuta linali la mlimi wa pa chisumbu, koma phindu ndi ulemu zinali za ena.

Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Mu 1968 Boma la Italy linateteza dzina la Etna mwa lamulo, kotero kuti vinyo wochokera kwina sangatchedwe ndi dzinalo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 alimi ena anayamba kusankha mipesa yabwino ndi kuika vinyo m'mabotolo olembedwa dzina la mphesa ndi la dera lawo. Mu 2005 Cerasuolo di Vittoria, vinyo wosakaniza Nero d'Avola ndi Frappato, analandira chizindikiro chapamwamba koposa cha dzikolo. Lero maina amene kale ankabisidwa m'migolo ndiwo amene ogula a ku London ndi New York amafunsa.

Chuma cha Pakhomo

Tsono Chiradzulu si dziko la mphesa, ndipo nkhani ino sikuti alimi azule chimanga nadzale mipesa ai. Chipatso cha makolo a kuno ndi masuku. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma laling'onoli, motero minda njochepa, ndipo mitengo yachilengedwe ikutha kaamba ka nkhuni ndi kuotcha njerwa. Msuku umene umabala m'nyengo ya dzinja, pamene nkhokwe zambiri zapepuka, umagwetsedwa tsiku limodzi kuti upsereze uvuni umodzi. Amai amene amagulitsa masuku m'mbali mwa msewu wa Blantyre ndi Zomba, pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, amagulitsa motchipa pakuti chipatsochi sichichedwa kuonongeka.

Nzeru yotukulira mtengowu siili kutali. Pa Makoka, pafupi ndi Thondwe, akatswiri a Boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF anayamba m'zaka za m'ma 1990 kusankha misuku ya zipatso zazikulu ndi zotsekemera ndi kuimezanitsa. Ntchitoyi njofunika chifukwa misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi: wodzala njere amadikira zaka zambiri asanadziwe ngati mtengo wake udzabala konse, pamene womezanitsidwa umabala msanga ndi kusunga ubwino wa mtengo umene nthambi inachokera. Alimi a ku Sicily nawonso anapulumutsa mphesa zawo ndi luso lomweli, pamene kachirombo ka phylloxera kanaononga minda m'zaka za m'ma 1880, iwo namezanitsa mitundu yawo pa mizu ya mipesa ya ku America.

Kuti zipatso za kuno zingasanduke katundu wa m'botolo, a Linga Wine ku Lilongwe anaonetsa kale popanga vinyo wa zipatso zolimidwa m'Malawi momwe muno. Masuku nawo amatheka kupangira jamu, zakumwa zotsekemera ndi vinyo.

Udindo wa Atsogoleri

Lamulo la Nkhalango la 1997 linapatsa mafumu ndi anthu awo mphamvu yokhazikitsa nkhalango za m'midzi ndi kuzisamala okha. Chotsala ndi kuligwiritsa ntchito. Mphunzitsi angathe kuyamba nazale pa sukulu. Mlangizi angathe kuphunzitsa kumezanitsa. Wa zamalonda angathe kuthandiza magulu a amai kufikira muyezo wa Malawi Bureau of Standards. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. A ku Sicily anachedwa kuzindikira zimenezi, koma anapeza mipesa ya makolo awo ikalipo. A ku Chiradzulu akazengereza, adzazindikira mtengo wake wa msuku atatsala ndi zitsa zokha.