Phula la kandulo likadonthera pa juzi, musathamangire madzi otentha

M'miyezi yozizira ya June ndi July, magetsi akazima ana amaunjirira kandulo imodzi atavala majuzi. Sipatenga nthawi kuti phula lidonthere pa juzi ya kusukulu kapena pa bulangete. Ambiri mumafulumira kupukuta ndi dzanja kapena kuthira madzi otentha, ndipo apa m'pamene chovala chimawonongeka.

Ulusi wa ubweya wa nkhosa uli ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mukaufikisa m'madzi otentha, timambati timakolana, juzi imachepa n'kulimba, ndipo siibwereranso mwakale. Kupukuta phula likadali lamadzi nako kumangolilowetsa mkati mwa ulusi.

Choncho lisiyeni liume kaye. Ngati muli ndi madzi oundana, akulungeni m'pulasitiki n'kuika pamalopo mpaka phula liume gwa. Kenako palani pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa supuni. Lezala ayi, limadula ulusi.

Lotsala lichotseni ndi simbi. Ikani pepala la khaki pansi ndi pamwamba pa malo odontherawo, kenako gusitsani simbi yofunda kwa masekondi ochepa, osaiyendetsa. Phula limasungunuka n'kulowa m'pepala. Sunthani pepalalo kuti muzigwiritsa ntchito mbali yoyera mpaka banga la mafuta lisiye kuoneka. Nyuzipepala si yabwino apa chifukwa inki yake imatsalira pa nsalu.

Simbi siyenera kutentha kwambiri. Phula la makandulo wamba limasungunuka lisanafike pa madigiri 70, pamene madzi amawira pa madigiri 100. Simbi ya magetsi ikani pa kadontho kamodzi. Ya makala idikireni izizireko ndipo yesani kaye mkati mwa mpendero. Izi n'zofunika chifukwa majuzi ambiri a pa kaunjika amene timati ndi aubweya ndi a acrylic, ulusi wa m'gulu la mapulasitiki umene umasungunuka ukatenthedwa. Werengani kansalu kolembedwa ka kukhosi.

Kandulo ikakhala yofiira kapena yobiriwira, utoto ungatsalire. Pakani sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono, tsukuluzani m'madzi ozizira, ndipo yanikani juziyo choyala pa mthunzi. Petulo ndi parafini musayese n'komwe: nthunzi yake imayaka msanga, makamaka m'nyumba momwe muli kandulo kapena mbaula.

Ngati phula lafika pa khungu la mwana, juzi idikire. Thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, koma mwanayo mumufunde kuti asazizidwe. Madzi oundana aja ndi a nsalu basi, pa khungu amawonjezera vuto. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, ndipo musaboole matuza. Nsalu ikamatirira pa chilonda musaikoke. Mwana akapsa kumaso, m'manja, kumalo obisika, kapena malo opsawo akaposa kukula kwa chikhatho chake, phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.