Nzeru ya m'kati mwa kabokosi ka Rubik

Mphunzitsi amene adzatumizidwa ku sukulu za kufupi ndi Nsaru kapena Kabudula asadabwe tsiku lina akadzapeza ana ataunjikana kuseri kwa kalasi, alinkulimbirana kabokosi ka mbali zisanu ndi imodzi, mbali iri yonse ndi mtundu wacewace. Mwina mbale wa mwana wina anakagula m'sitolo ku Lilongwe, ndipo tsopano kagulukapo cidutswa cimodzi. Aphunzitsi ambiri amangolanda zotere, nazitsekera m'kabati. Inu musafulumire kutero. Kabokosi kogulukako kaposa kamphumphu, pakuti kaonetsa za m'kati mwace, ndipo nzeru ya cidole cimeneci iri m'katimo.

Anayamba kukapanga ndi Ernő Rubik, mphunzitsi wa za mapulani a nyumba mu mzinda wa Budapest, m'dziko la Hungary, m'caka ca 1974. Funso limene linamsowetsa tulo linali ili: kodi timatabwa tambiri tingalumikizidwe bwanji kuti tizizungulira mbali iri yonse popanda kumwazika? Poyamba anatimanga ndi mphira, koma mphirayo inaduka. Pambuyo pace anatisema kuti tizikolana tokha. Atakasokoneza kabokosi kace, anatha monga mwezi wathunthu asanakabwezere m'malo. Kanayamba kugulitsidwa ku Hungary mu 1977, ndipo mu 1980 kanafalikira m'maiko ena.

Mukakaphwasula mudzapeza zidutswa 26 za mitundu itatu yokha. Zidutswa 6 za pakati ziri ndi nkhope imodzi, 12 za m'mphepete ziri ndi nkhope ziwiri, ndipo 8 za pangondya ziri ndi nkhope zitatu. M'kati mwenimweni muli mtima wa mikono isanu ndi umodzi. Zidutswa za pakati ndizo zokha zomangidwa ku mikonoyo, ciri conse ndi sikuluwu ndi kasipuling'i. Zimazungulira pamalo pomwepo monga gudumu la ngolo pa ekiselo, koma sizisamuka. Zina zonse sizinamangidwe ku kanthu ai. Ca m'mphepete ciri ndi phazi lolowa pansi pa zidutswa ziwiri za pakati, ndipo ca pangondya cimakola pansi pa za m'mphepete. Zidutswa zowerengekazo zikhoza kuyalidwa m'njira 43,252,003,274,489,856,000; komabe mu 2010 akatswiri anatsimikiza ndi makompyuta kuti ngakhale kasokonezeke cotani, kupotokola kosapitirira 20 kukwanira kukakonza.

Masiku ano munthu wofuna kupanga cidole cacecace ca mtundu uwu sayamba ndi mpeni. Ayamba kucijambula pa kompyuta ndi pulogalamu youmbira zinthu, monga FreeCAD kapena OpenSCAD, zimene zipezeka mwaulere. Woyamba kumene amathamangira maonekedwe a kunja, akuti cikhale ngati nyumba, kapena dzungu. Kumeneko nkuyambira kumcira. Coyamba asankhe maekiselo: akhale angati, ndipo aloze kuti. Kabokosi ka Rubik kali ndi mikono isanu ndi umodzi yoloza pakati pa nkhope zace. Pyraminx, cidole ca nsonga zinai ca Uwe Mèffert, ciri ndi mikono inai yoloza ku nsongazo. Maonekedwe a kunja ndi cobvala cabe.

Atasankha maekiselo, ajambula mzere wodulira, ndipo pano ndi pamene pagona nchito yonse. Mzerewo ukakhala woongoka kuyambira kunja kufikira m'kati, cidole cidzaduka ngati cinangwa, nkumwazika cikangonyamulidwa. Cifukwa cace auongola kunja kokha, koma m'kati aukhotetsa ngati ngowe. Kenaka auza pulogalamu kuti iuzungulitse mzerewo pa ekiselo. Monga mbuzi yomangidwa pa cikhomo imasiya bwalo lozungulira pa udzu, momwemonso mzere wozungulitsidwa umasiya mpeni wooneka ngati mbale ya mkombero. Mpeni umodzimodziwo auika pa ekiselo iri yonse, nadula nao thupi la cidole. Mapazi okolana aja sawajambula limodzilimodzi. Amabadwa okha pamene mipeni yadutsana. Tsono wojambula angotenga cidutswa cimodzi pa mtundu uli wonse nkucikonza, pakuti zinzace zifanana naco.

Kukonzako kuli ndi msampha. Pa kompyuta zidutswa zimakhudzana popanda mpata ngakhale wa tsitsi, ndipo zikapangidwa motero sizizungulira konse. Mmisiri wa matabwa wophunzira ku Namitete adziwa kale cimeneci: citseko cosemedwa cothina pa mphuthu m'mwezi wa October cimakana kutseka mvula ikagwa. Motero wojambula amasiya kampata ka magawo awiri kapena atatu mwa magawo khumi a milimita pakati pa zidutswa, nafafaniza nsonga zonse zakuthwa kuti zisakodolane popotokola. Kampatako kakakula, cidole cigwedera ndi kuguluka. Kakacepa, ciuma gwa. Wanzeru amayamba wapanga zidutswa ziwiri zokha nkuziyesa m'manja.

Kupangako ndi nchito ya makina ochedwa 3D printer. Amasungunula ulusi wa pulasitiki pa kutentha kwa madigiri monga 200, nauyala mzere pamwamba pa mzere, monga mai woumba mbiya asanjikiza dongo kuyambira pansi. Mzere uli wonse ndi wocindikala monga 0.2 milimita, kotero cidole cathunthu cimatha maola ambiri. Zidutswa zimaturuka zokhakhala, ndipo ziyenera kupalidwa ndi sandipepala. Makinawo saganiza, colakwa ca wojambula amacipanga mokhulupirika.

Phindu la kujambula pa kompyuta lioneka bwino pa zidole zazikuru. Mukapotokola mbali imodzi ya kabokosi nkuima pakati pa njira, ngondya zace zimalendewera kunja. Pa kabokosi ka mizere itatu phazi limazigwirabe, koma mizere ikafika isanu ndi iwiri, zidutswa zonse ziri zolingana, ca pangondya cimaturukiratu kunja, cosowa pokola. Panagiotis Verdes wa ku Greece anacita kutupitsa nkhope za kabokosi kace ka mizere 7, kamene kanaturuka mu 2008. Oskar van Deventer wa ku Netherlands anakulitsa zidutswa za kumapeto, ndipo mu 2011 anaonetsa kabokosi ka mizere 17 ka zidutswa 1,539, zojambulidwa pa kompyuta ndi kupangidwa ndi makina otere. 

Sukulu yanu ingakhale iribe kompyuta kapena magetsi, koma ciyambi ca phunziroli sicilira zimenezo, ndipo ku koleji munaphunzira za TALULAR. Tumani ana akatape dongo ku dambo, aumbe kabokosi ka mbali zolingana, napake phulusa kunja kwace konse. Lisanaume, alidule ndi ulusi kawiri m'litali, kawiri m'lifupi, kawiri copingasa. Asanapatule zidutswa, afunseni anene kuti ziripo zingati, ndi zingati ziri ndi phulusa pa nkhope zitatu, ziwiri, kapena imodzi. Ambiri adzaiwala cidutswa ca 27, ca m'kati, cimene phulusa silinacikhudze. Pamenepo turutsani kabokosi kogulukako, muwapatse cidutswa ca m'mphepete acifanizire ndi ca dongo, ndipo muwasiye apeze okha phazi limene ca dongoco ciribe. Amene ali ndi mipeni ayese kusema phazilo pa mbatata yaiwisi, zidutswa ziwiri za pakati ndi cimodzi ca m'mphepete, kufikira cokolaco citsetsereka osaguluka.